Khwerero la Pansi

Chifunga chinatsika m'phiri la Chongoni m'mawa umenewo ndipo chinakana kubwerera. Kamvula kosamveka padenga kankanyowetsa chilichonse, ndipo mphepo inkaluma mitu imene inali itangometedwa kumene. A Zefaniya anakhala pachitsa kuseri kwa nkhokwe, opanda chipewa, akupala mpini wa khasu ndi chibenthu cha botolo. Mpiniwo unali utasalala kale. Ankangopala.

"Alamu, malata awa sadontha?"

Anali a Bonifasio, mlongo wawo wa malemu a Dorika, mwini mbumba komanso tcheyamani wa nthambi ya chipani m'mudzimo. Anaima manja kumbuyo, maso ali padenga la nyumba, baji ili pachifuwa cha jekete.

"Sadontha."

"Ndaona mapichesi achita maluwa bwino chaka chino."

A Zefaniya anauzira fumbi la pampini.

"Simuyankha. Chabwino. Nkhani masana ano, alamu, musapite kutali." Anaseka pang'ono. "Kutali mupita bwino pambuyo pake."

A Dorika, akazi a Zefaniya, anaikidwa m'manda kumayambiriro kwa sabata. Chibayo chinawagwira pochokera kunkhuni ndipo sichinachedwe nawo. Tsopano kumeta kunali kutachitika, kunatsala nkhani ya mkamwini.

A Zefaniya anabwera m'mudzimo ali mnyamata, kuchokera kuseri kwa Chimbiya, atanyamula nkhwangwa ndi bulangete. Nyumba anamanga ndi iwo, ngalande za m'dimba la kachewere anakumba ndi iwo, mapichesi anabzala ndi iwo, koma dothi lonselo linali la akuchikazi. Mwambo aliyense ankaudziwa: mkazi akamwalira, mkamwini amasudzulidwa, abwerere kwawo. Ankadziwanso kuti mwambowo uli ndi chifundo chake. Mkamwini amene wamerera imvi pamudzi, amene anasunga bwino mkazi wake, amamusiya afere pomwe anakalambira, bola mwana wake aime pagulu n'kunena kuti bambo anga asachoke. Kwawo kwa a Zefaniya kunalibenso wowadikira. Makolo anatha, minda anagawana ana a alongo awo. Ana awo aakazi awiri anagona kumanda ali aang'ono. Woti aime analipo mmodzi yekha, Gervazio.

Ndipo Gervazio sanawayang'ane m'maso chifikireni kumaliro.

Chifukwa chake a Zefaniya ankachidziwa. Chinali kanthu kamene anasema okha ndi manja awo.

Gervazio anali atalowa ntchito pa ofesi ina ya kafukufuku ku Zomba, koma asanamukhazikitse. Anthu atangokolola chimanga anatulukira kumudzi ndi chikwama cha mapepala ndi kalata ya boma yomulola kufunsa anthu. Bwana wake ankafuna kudziwa mmene amayi a m'midzi amaonera moyo wawo, ndipo poti ambiri sankawerenga, mnyamatayo anaganiza nzeru yake.

"Bambo, mundisemere timakwerero toti n'kuima pamphasa. Makwerero ake akhale asanu, otambalala moti nyemba n'kukhalapo osagwa."

Anamusemera ndi mtengo wa msuku, n'kupala bwino kuti pasakhale chobaya. Gervazio ankaitana mayi mmodzimmodzi, kumupatsa nyemba, n'kunena mawu omwewo osasintha: "Pamwamba apa ndi moyo wabwino kotheratu. Pansi apa ndi moyo wowawa kotheratu. Inu muli pati?"

Onse anaika pamwamba. Wamasiye wopanda nkhokwe, pamwamba. Amene mwamuna wake anamugulula dzino, pamwamba. Amene anaika ana awiri dzinja limodzi, pamwamba, n'kuwombanso m'manja. Nanga akanatani? Munthu wa nsapato, wa cholembera, wa kalata ya boma, akukufunsa ngati ukuvutika. Kutsidya kwa mtsinje kunali bambo wina amene anadandaula za feteleza pamowa. Galimoto inabwera kudzamutenga, ndipo chibwerereni ankangoyenda choyang'ana pansi.

Gervazio anakadandaula kudimba, makolo ake akukumba kachewere.

"Chida changa chafa, Amayi. Sikelo ikamanena kuti nkhuku ndi ng'ombe n'zolemera mofanana, mumaitaya."

"Nanga si anthu akuyankha?" anafunsa a Dorika, osaweramuka.

"Akuyankha mantha. Bwana akufuna zinthu ziwiri. Choyamba, munthu ndikamufunsa lero, n'kudzamufunsanso patapita masabata, nyemba igwere pomwepo kapena pafupi. Chachiwiri, igwere poona. Wovutika akhale pansi, wopeza bwino pamwamba, zigwirizane ndi zomwe maso akuona. Zikapanda kutero, timakwerero iti n'choseweretsa ana, ndipo ine andibweza."

"Akubweza udzakumbe kachewere?"

"Ee."

A Dorika anaweramuka, n'kuyang'ana manja a mwana wawo, osalala ngati a wansembe. Kenako anayang'ana awo. Anaweramanso n'kupitiriza kukumba.

Gervazio anasintha njira. Anavula nsapato, anabisa cholembera, anatchinga mphasa kuseri kwa tchalitchi kuti wofunsidwa asaonedwe, analumbira pamtanda kuti dzina la munthu silituluka. Atayambiranso, nyemba zinabalalika. Ina pakati, ina pamwamba, ina chapansi. Anapita ku Zomba, anabweranso patapita masabata, anafunsanso amayi omwewo, ndipo nyemba iliyonse inabwerera pakhwerero lake ngati nkhunda kukhola. Sanalekere pomwepo. Anakafunsa asisitere a kuchipatala ndi akatekisiti, aliyense payekha, kuti amuuze amayi amene akuwaona kuti ali pamoto. Anasuzumira m'nkhokwe, anayang'ana mikono ya ana. Zonse zinagwirizana ndi nyemba. Tsiku limenelo anavina pabwalo, munthu wophunzira, nkhuku zikuthawa.

Chimene sankadziwa n'chakuti nyembazo zinabalalikira kunkhuni.

A Dorika anawauza amuna awo m'mawa wina pakhonde, akusankha kachewere wa mbewu.

"Ndawagawira."

"Chiyani?"

"Makwerero. M'nkhalango muja, tikumanga mitolo. Aliyense lake. A Magadalena lachiwiri, ndi chidakwa chawo chija. Akazi a aphunzitsi lapamwamba, asaname ayi, amadya buledi. Anzanga a kumpanda aja lapakati. Ndawauza aliyense amange mfundo zokwana nambala ya khwerero lake kunsonga kwa chitenje, kuti mwana akadzabweranso asaiwale."

A Zefaniya anasiya kachewere amene anali m'manja.

"Boma likamva?"

"Limva kwa ndani? Kwa inu? Inu amene njoka itakulumani munangoti 'hm'?"

Anakoka nsonga ya chitenje chawo chakale chobiriwira, n'kuwaonetsa. Panali mfundo imodzi.

"Lapansi?"

"Ndani akanalitenga? Onse mitima ili pakhosi. Makwerero saima opanda lapansi, abambo ake Gervazio. Munasema ndinu, mukudziwa."

Anaseka, kuseka kwawo kuja kotsekera kukamwa ndi dzanja. A Zefaniya anayang'ana mfundoyo, anayang'ana akazi awo, n'kutolanso kachewere. Sanafunsenso. Sanali munthu wofunsa kawiri.

Tsopano a Zefaniya anali pachitsa paja, mpini uli m'manja, ndipo munthu wina ankabwera mozemba m'mbali mwa nkhokwe, atafunda nsalu kumutu. Anali a Magadalena, msuweni wa malemu. Anagwada patali pang'ono, ngati akutola tinkhuni.

"Abambo ake Gervazio, mwamva? Mwana anawauza atsibweni ake."

"Hm."

"Analira tsiku lotsatira maliro, n'kuulula kuti nyemba ya amayi ake inali pansi. A Bonifasio agwira pomwepo ngati nkhupakupa."

"Hm."

"Musati hm! Ndikufunsa, munena?"

A Zefaniya anawayang'ana.

"Ine zanga ndamasula," anatero a Magadalena, akuonetsa nsonga ya chitenje yokwinyika. "Tonse tamasula. Mukanena kuti tinakhala m'nkhalango kupangana za mayankho a boma, galimoto ibwera. Ndili ndi ana ine. Inu mwakalamba kale, mukapita kwanu simufa nazo." Anatola kankhuni, n'kukataya. "Komanso Dorika anadzisankhira yekha. Palibe anamukakamiza."

Anadzuka n'kubwerera kumene kunali amayi.

Nkhani inakambidwa m'chisakasa cha maliro, chimene chinali chisanaphwasulidwe. Amuna anakhala mbali ya kumtunda, amayi kumunsi, madontho akugwa m'udzu wa padenga. A Zefaniya anawapatsa mphasa yawoyawo pakati. Gervazio anakhala pafupi ndi atsibweni ake, mutu wometa, jekete la ku Zomba litamukulira mwadzidzidzi. Timakwerero tinali titaimikidwa pa mtondo wovundikira, kuti aliyense aone.

A Bonifasio anayamba ndi kuthokoza anthu pa maliro. Anathokoza adzukulu okumba manda, anathokoza a kwaya, anathokoza boma pa mtendere. Kenako anatsokomola.

"Ife a mbumba ino sitithamangitsa munthu ngati galu. Mkamwini wabwino timamusunga. Funso n'lakuti, mlongo wanga anakhala bwanji m'nyumba umu? Wakufa sayankha. Koma mwayi wake, anayankhiratu. Mphwanga, auze anthu."

Gervazio sanadzuke. Analankhula akuyang'ana mawondo ake.

"Ndinalumbira kuti sinditchula dzina la munthu."

"Walitchula kale kwa ine. Lumbiro silithyoka kawiri. Nena."

"Amayi anaika nyemba pansi."

Amayi ena anati "mayo" chapansipansi. A Magadalena anali m'gulu lawo.

"Pansi penipeni?"

"Penipeni. M'mudzi monse muno ndi iwo okha."

A Bonifasio anatambasula manja. "Mwamva. Tsopano tiganize bwino. M'dziko muno anthu akudya, akuvala, akugona m'nyumba zosadontha. Ndafunsa m'mawa, malata awa sadontha, alamu avomera okha. Ndiye ngati mlongo wanga anati moyo wake ndi wowawa kotheratu, si boma linauwawitsa. Kapena alipo pano akuti ndi boma?"

A Bonifasio anayang'ana anthu mmodzimmodzi.

"Palibe. Ndiye ndani?"

Mkulu wina wa kumapeto, mnzawo wa a Zefaniya wosema naye mipini, anakanda kukhosi. "Mwina dzanja linangoterereka. Nyemba n'kanthu kakang'ono."

Apa Gervazio anadzutsa mutu, ndipo mawu ake anauma.

"Silinaterereke. Ndinawafunsa, ndinapita ku Zomba, ndinabweranso, ndinawafunsanso. Pomwepo. Sanazengereze n'komwe. Nditaona koyamba ndinati mwina akundiseka. Kachiwiri ndinatuluka kukasanza kuseri kwa tchalitchi."

"Mwina sanamve funso."

"Anamva. Ndinawauza andibwerezere tanthauzo la pamwamba ndi la pansi, anabwereza bwinobwino. Chida ichi ndinachiyesa mbali zonse. Amene asisitere anati ali pamavuto, nyemba zawo zinali m'munsi. Amene nkhokwe zawo n'zodzaza, zinali m'mwamba. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene chinamuphonya." Anatembenuka, ndipo kwa nthawi yoyamba chifikireni anayang'ana bambo ake. "Pa amayi a eni ake onse sichinaname. Chinganame bwanji pa amayi anga okha?"

Mawuwo analowa mwa a Zefaniya ngati munga wa m'chidendene.

Yankho anali nalo. Linali lalifupi, lokwana m'kamwa mwa munthu wosalankhula. Koma pamene ankalitembenuza ndi lilime, anaona chimene anali asanachione. Nyemba zinagwera poona chifukwa wogawa anali Dorika. Diso lake silinkaphonya. Ankadziwa mphika umene wagona wosaphikidwa, ankadziwa amene wabisa chotupa m'mpango. Aliyense anamupatsa khwerero lake lenileni, osakondera, osachepetsa. Onse. Nanga atafika pa iye mwini, diso lija linatsinzina?

A Zefaniya sanamumenyepo Dorika. Mowa sankamwa. Koma anakumbukira tsiku limene anaika mwana wawo wachiwiri wamkazi: atachoka kumanda anatenga khasu n'kupita kudimba, Dorika ali pamphasa akuyang'ana khoma. Anakumbukira zaka zonse zimene Dorika ankalankhula, kuseka, kufunsa, iwo n'kumati hm. Anakumbukira chifuwa chija chikuyamba, Dorika akusenza mtolo m'kamvula konga komweka, iwo ataona, osanena kuti siya, ndipita ndine. Ankayesa kuti kukhala chete n'kusalakwa.

"Alamu, tikudikira inu," anatero a Bonifasio. Anapisa m'thumba, anatulutsa nyemba, n'kuiponya pamphasa. "Kapena pakamwa pakulemera, ikani yanu tione. Inu muyenera kukhala pamwamba. Munda waulere, mkazi waulere, wokuphikirani, wokusenzerani nkhuni mpaka kufa nazo."

Anyamata a kumbuyo anaseka.

"Ikani, alamu. Si mwasema nokha?"

A Zefaniya anatola nyembayo, anaipukuta dothi, n'kuiika pambali pa mphasa. Anatambasula dzanja, anatenga timakwerero, anatitembenuza. Chinyontho chinali chitalowa m'mtengo ndipo khwerero limodzi linkagwedera. Analikanikiza ndi chala chachikulu mpaka linalowa m'malo mwake, n'kubwezera timakwerero pamtondo.

"Taonani munthu!" anafuula mayi wina. "Akumufunsa za mkazi, iye ali pa matabwa!"

"Ndi mmene analili," anatero wina. "Dorika ankalankhula ndi chitsa."

Gervazio anasendera kutsogolo, mawondo ali m'dothi lonyowa. Mawu ake anatsika, ngati anthu enawo palibe.

"Bambo. Nenani kanthu kamodzi. Ndiuzeni kuti chida changa chalakwa, mundiuze pamene chalakwira, ndikhulupirira. Ndikachiotcha lero lomwe. Bwana wachivomera, akuti achitengera ku maboma ena, akuti andikhazikitsa pantchito mwezi uno. Zonsezo ndisiya. Ingonenani."

A Zefaniya anamuyang'ana mwana wawo. Anaona manja aja, osalala, ali pamawondo. Anaona kuseri kwake amayi atakhala mondondozana, aliyense atapinda nsonga ya chitenje m'chikhatho. A Magadalena maso anali pansi, milomo ikuyenda ngati akupemphera kolona. Anaona baji ya a Bonifasio. Munthu wa baji akamva pagulu kuti amayi anasonkhana m'nkhalango kupangana zoyankha pa kafukufuku wa kalata ya boma, sangakhale chete ngakhale atafuna. Ndipo dzina loyamba kulitchula lingakhale la amene wagona kumanda, lachiwiri la mwana amene ananyamula mayankhowo kupita nawo ku Zomba.

Dorika anayang'ana manja omwewo a mwana wake kudimba kuja, n'kusankha.

"Chida chako chili bwino," anatero a Zefaniya.

"Bambo?"

"Chili bwino."

Gervazio anayang'anitsitsa bambo ake. Kenako nkhope yake inatsekeka ngati chitseko. Anabwerera pamalo pake, anapukuta mawondo a buluku mosamala.

"Mphwanga," anatero a Bonifasio mofatsa, "mawu ndi ako. Bambo ako akhale?"

"Mwambo uchitike."

"Kweza mawu, akumunsi sanamve."

"Ndati mwambo uchitike."

Zotsalazo sizinatenge nthawi. A Bonifasio ananena mawu osudzula, kuti mbumba ilibenso mangawa ndi mkamwini, apite mwaufulu, akafuna kukwatira akwatire. Pa mawu okwatirawo anyamata anasekanso. Anawalola kutenga nkhwangwa, sompho, khasu limodzi ndi bulangete. Kachewere wa m'dimba anali asanakhwime, choncho anali wa dothi. Mapichesi sayenda. Malata, anatero a Bonifasio, anafolera mlongo wawo, ndipo si bwino kuvula nyumba ya maliro.

"Mugone lero, alamu. Ife si zinyama. Mawa kukacha."

Madzulo dzuwa lisanalowe amayi anatulutsa zovala za malemu n'kuziyala pamphasa pakhonde kuti agawane. Panali diresi ya ku tchalitchi, juzi imene Gervazio anabweretsa, nsalu ya chipani, mipango, ndi zitenje zingapo. Ankanyamula chimodzichimodzi, kuyeza pachifuwa, kukangana monong'ona. A Zefaniya anafika n'kuima pansi pa khonde. Analoza pamphasa.

"Chobiriwiracho."

"Chiyani?"

"Chitenje chobiriwira. Ndipatseni."

Mkazi wa a Bonifasio anachinyamula ndi zala ziwiri. Chinali chothetheka, chong'ambika m'mbali, chonunkha utsi ndi utomoni wa paini.

"Ichi? Mukavala?" Anayang'ana anzake. "Ali moyo simunamugulire chatsopano, lero mukulirira chigamba."

"Mwina akufuna akapatse wotsatira," anatero wina, ndipo anaseka mogwira pakamwa poti panali pamaliro.

A Magadalena anachilanda, anachipinda msangamsanga nsonga ili m'kati, n'kuwapatsa ndi manja awiri, nkhope atatembenuzira kumbali.

Gervazio anali atakhala pa mpando wa bambo ake pakhomo, akukulunga timakwerero m'pepala kuti tisanyowe pa ulendo wa ku Zomba. A Zefaniya anaima pafupi naye.

"Ukapake mafuta. Msuku umang'aluka."

Gervazio anapitiriza kukulunga.

"Ankakudikirani kuti mulankhule, Bambo. Moyo wawo wonse. Ine ndinkaona ndili mwana, ndinkati ndi mmene mabanja amakhalira." Anamanga chingwe, anakoka mwamphamvu. "Sindikudani. Koma musandilembere kalata."

A Zefaniya sankadziwa kulemba, ndipo Gervazio ankadziwa zimenezo.

Kutacha chifunga chinali chikadalipo. Palibe anatuluka kudzawaperekeza. Mnzawo wa mipini uja anatsegula chitseko pang'ono, anakweza dzanja, n'kutsekanso. A Zefaniya anamanga khasu ndi sompho m'bulangete, anakoleka pa nkhwangwa, n'kudutsa m'mapichesi, maluwa onyowa akuwagwera pamutu. Kudimba anapeza mapazi atsopano m'mizere ya kachewere ndi zikhomo zokhomedwa kale m'malire. Sanaime.

Anaima pamwamba pa chitunda, pomwe njira ya kunkhuni imasiyana ndi ya ku msewu. Panali mwala umene amayi ankatulirapo mitolo kuti apume. Anakhala pamenepo, anatula katundu, n'kutulutsa chitenje m'malaya.

Mfundo inalipo. Inali yaing'ono, yolimba ngati nthanga, yomangidwa mmene Dorika ankamangira chilichonse, kukoka ndi mano mpaka nsalu kulira. Anaigudubuza pakati pa zala. Nsongayo inali ndi malo okwanira. Anagwira pamwamba pa mfundoyo, anapinda nsalu, anapisa, n'kuyamba kumanga yachiwiri. Akanatha kumanga zonse mpaka lapamwamba. Panalibe wowaona.

Zala zinaima zokha.

Amayi enawo ankafunika mfundo. Lachiwiri ndi lachitatu munthu angasokoneze patapita masabata. Koma lapansi saiwala. Dorika sankafunika chomukumbutsa. Anamanga kuti anzake aone. A Zefaniya anamuona bwinobwino, ataima pakati pa mitolo, amayi atazungulira mitima ili pakhosi, iye akukoka nsonga ndi mano, n'kuikweza m'mwamba kuti aliyense adziwe amene galimoto idzayambe kumutenga.

Zimenezo anazidziwa. Chinacho, ngati nyemba ija inagweranso poona, panalibenso womufunsa. Mpata unalipo m'mawa uja pakhonde, ndipo iwo anatola kachewere.

Anamasula mfundo yawo yosatha ija, anasalaza nsalu pabondo, n'kusiya imodzi ija mmene mwini wake anaimangira. Mphepo inkaluma. Anakulunga chitenjecho kumutu wometawo, anakoleka katundu paphewa, nayamba kutsika njira ya ku Chimbiya.